Ng'ombe ya minofu ija sinapangidwe mu labotale

Chithunzi chija chayambanso kuzungulira pa WhatsApp: ng'ombe yoyera, matako otukumuka, minofu yochita kugawikana ngati ya munthu wonyamula zitsulo. Pansi pake alemba kuti asayansi anaipanga mu labotale, ena akuti anaibaya jakisoni wokulitsa thupi. Zonsezo n'zabodza.

Ng'ombeyo ndi ya mtundu wa Belgian Blue, wa ku Belgium. M'thupi la nyama muli puloteni yotchedwa myostatin, imene ntchito yake ndi kuletsa minofu kukula mopitirira muyezo. Mu ng'ombe zimenezi jini (malangizo a chibadwa amene nyama imatengera kwa makolo ake) yopanga puloteniyo inawonongeka yokha mwachibadwa, ndiye minofu imangokula popanda choiletsa. Alimi ataona zimenezi anayamba kusankha nkhunzi ndi zazikazi za minofu yambiri kuti ziziberekana, monga mmene agogo amasankhira chimanga cha mbewu. Asayansi anadzatulukira myostatin mu 1997, ng'ombezi zili kale m'makola.

Chimene ofalitsa chithunzicho satchula ndi vuto la pobereka. Thole limakula kwambiri m'mimba, moti zambiri mwa ng'ombezi zimabereka mochita kuzipanga opaleshoni. Kwa ine, apa ndiye poyenera kudandaula.

Kusintha jini mwadala kumachitika ndithu, koma osati pa ng'ombe ya pachithunziyo. Ku Japan, mu 2021, anayamba kugulitsa nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa madai, imene akatswiri anaithimitsira jini yomweyi, ndipo imakhala ndi mnofu wambiri kuposa zinzake.