124.99 si 125: yezani zipolopolo zanu musanapite ku mpikisano

"Koma pabokosi alemba 1,100." Mawu amenewa ndatopa nawo. Nambala ya pabokosi, ya liwiro la zipolopolo m'mafiti pa sekondi, inapezeka ku fakitale, ndi mpaipi wawo woyesera, pa kutentha kwa tsiku lawo. Ku mpikisano wowombera mfuti, pa tebulo la chrono (makina oyezera liwiro la chipolopolo) palibe amene amawerenga bokosi. Amatenga mfuti yanu ndi zipolopolo zanu, n'kuwombera okha, ndipo zimene makinawo asonyeze ndi zomwe zilembedwe.

Masamu ake ngachidule. Kulemera kwa mutu wa chipolopolo m'ma grain (muyeso waung'ono wa kulemera), kuchulukitsa ndi liwiro m'mafiti pa sekondi, kugawa ndi 1,000. Imeneyo ndiyo power factor, nambala yosonyeza mphamvu ya zipolopolo zanu. Pa malamulo a pistol a IPSC, bungwe la padziko lonse la masewerawa, pali magulu awiri a mphamvu, ndipo lapansi, Minor, limayambira pa 125. Lapamwamba, Major, limadalira gawo la mfuti limene mukupikisanamo: 160 mu Open, 170 mu Standard, Classic ndi Revolver. Amene mumawerenga za ku America musasokonezeke: Major ya 165 ija ndi ya USPSA, bungwe la kumeneko, ndipo siikupulumutsani pa mpikisano wa SAPSA, bungwe la ku South Africa, ngati muli mu Standard.

Chimene chimandiwawa mtima ndi cha munthu wa 9mm, mutu wa ma grain 124, amene wakonza zipolopolo zake kuti zikhale zofewa zedi kuti mfuti isamadumphe m'manja. Avereji ya liwiro la zipolopolo zake yatuluka 1,008. Chulukitsani: 124.992. Malamulo amati manambala onse a kuseri kwa kadontho atayidwe, choncho iyeyu ali pa 124, walephera. Fiti imodzi yokha pa sekondi ikanamufikitsa pa 125.1. Ndipo kulephera Minor sikufanana ndi kulephera Major. Wolephera Major amatsitsidwa ku Minor mpikisano wonse: C iliyonse (C ndi D ndi zigawo za pachandamale) imatsika kuchoka pa mapointi 4 kufika pa 3, D kuchoka pa 2 kufika pa 1. Zimapweteka, koma dzina limakhalabe pa zotsatira. Wolephera Minor amaloledwa kupitiriza kuwombera, koma mapointi ake salowanso m'zotsatira. Ndalama yolembetsera, mafuta a galimoto, malo ogona, miyezi yokonzekera, zonse zapita chifukwa chofuna kufewetsa mfuti ndi kusiyana kumene dzanja lake silingakumve n'komwe.

Ambiri sadziwanso kuti kulemera kumene kumagwiritsidwa ntchito si kwa pabokosi. Oyang'anira amatenga zipolopolo 8, nthawi ndi malo amene iwo asankha. Chimodzi amachizula mutu n'kuuika pa sikelo. Mutu umene munaugula ngati 124 ukhoza kulemera 123.6, makamaka ya mtovu yokutidwa ndi utoto ija, ndipo zikatero simukufunanso 1,009 koma 1,012. Kenako amawombera zitatu n'kutenga avereji. Zikapanda kukwana amawombera zina zitatu, n'kusankha zitatu zothamanga kwambiri mwa 6. Zikakanikabe, chatsala chimodzi, ndipo inu ndi amene mumasankha: achizule n'kuchiyeza pa sikelo, kuti ngati chalemera kuposa choyamba chija awerengere kulemera kwatsopanoko, kapena achiwombere n'kutenga zitatu zapamwamba mwa 7. Apa muziganiza, osangoyankha mwamantha. Ngati mutu woyamba unapepuka modabwitsa poyerekeza ndi mmene mumaidziwira mitu yanu, sankhani sikelo. Ngati unalemera bwino koma liwiro lanu limasinthasintha kwambiri, mwayi uli powombera. Koma kusankha kotere kumatheka kwa munthu amene anayezapo mitu yake kunyumba. Tengani mitu 20, iyezeni umodziumodzi, lembani wopepukitsitsa. Masamu anu onse muchitire umenewo.

Tsopano za kuyeza kwenikweniko. Chrono ya maso, ya timazenera tiwiri ija, imawerenga nthawi imene mthunzi wa chipolopolo watenga kuchoka pa diso loyamba kufika pa lachiwiri. Chilichonse chosokoneza kuwala chimasokoneza nambala. Iikeni pafupifupi mamita 3 kuchoka kukamwa kwa mfuti. Mukayandikiza, utsi ndi mphepo ya kuphulika zimafika pa diso loyamba n'kukupatsani nambala yabodza. Ikhale yowongoka bwino, chipolopolo chidutse pakati ndiponso mosapendekeka, chifukwa chikadutsa chopingasa chimayenda mtunda wautali kuposa umene makina akuwerengera, ndipo liwiro limaoneka lotsika. Dzuwa likakhala lowala, ikani zophimba zoyera zija. Kukakhala mitambo mukhoza kuzichotsa. Dzuwa la m'mawa kwambiri kapena la madzulo, lobwera cham'mbali, silodalirika. Magetsi a machubu a m'nyumba amaphethira mofulumira moti makinawo amawerenga kuphethirako. Batire lofooka nalonso limanama. Ma chrono a radar, monga LabRadar ndi Garmin Xero C1 Pro, alibe vuto la kuwala, koma musayembekezere kuti nambala yawo ifanane ndendende ndi ya makina a ku mpikisano. Ngakhale chrono ya mpikisano yeniyeniyo, imene amaiyesa tsiku lililonse ndi zipolopolo zitatu zodziwika, imaonedwa kuti ili bwino ngati avereji sinasiyane ndi ya tsiku loyamba kupitirira 5 peresenti. Wina n'kumakonza zipolopolo za 126, ati wasiya malo?

Zitatu sizikwanira kunyumba. Wombani 10 kapena kuposa, ndi mfuti yomwe mukapikisanire, pakuti mipaipi iwiri yofanana kutalika imatha kusiyana liwiro. Musamangoyang'ana avereji, onani chotsikitsitsa ndi kusiyana kwa chapamwamba ndi chapansi. Kusiyanako kukakula, fufuzani makina othirira onga ngati akuthira mofanana, kutalika kwa chipolopolo chonse, kufinya kwa kukamwa kwa chigoba, ndi zigoba zosakanizasakaniza. Kenako ganizirani nyengo. Mitundu yambiri ya onga imachepa mphamvu kukazizira, ingapo imachita mosemphana. Amene munayeza masana mu December, n'kukapezeka pa tebulo la chrono m'mamawa wa July ku Johannesburg chisanu chili mbuu, musadabwe. Ine malangizo anga ndi 130 mpaka 132 kwa a Minor, chomwe ndi liwiro la pafupifupi 1,050 mpaka 1,065 ndi mutu wa 124, ndipo kwa a Major power factor yoposa malire ndi 4 kapena 5. Mukasintha botolo la onga, mtundu wa primer (kachipewa koyatsa onga) kapena bokosi la mitu, yezaninso.

Choopsa chimabwera ndi kuchedwa. Munthu amabwereka chrono kutatsala tsiku limodzi, n'kupeza kuti ali pa 123, ndiye usiku womwewo amapita kukawonjezera onga mongoyerekeza. Pamalo owombera sipasowanso "katswiri" wonena kuti ingowonjezerani pang'ono, kapena kankhirani mutu m'kati. Chonde musamumvere. Mu 9mm ndi .40 malo a m'chigoba ngochepa, ndipo kulowetsa mutu pang'ono chabe kumakweza mphamvu ya kuphulika kwambiri. Chrono imayeza liwiro, siikuuzani kuti chigoba chatsala pang'ono kung'ambika. Ngati mwafika pa malire a m'buku la opanga ongawo koma power factor sinakwane, sinthani onga kapena kulemera kwa mutu, muyambirenso pansi pa tebulo lawo la miyeso ya onga n'kumakwera pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi imafuna masabata, osati usiku umodzi. Ndipo zipolopolo zogula m'thumba la pulasitiki kwa munthu amene akulumbira kuti "izi ndi Major, zinadutsa kale", osatha kukuuzani onga wake ndi muyeso wake, musaziike m'mfuti yanu. Nthawi ikakutherani, gulani za ku fakitale, muziyeze ndi mfuti yanu, mulembetse Minor.