Mkangano wa ma jet: mmene asayansi anafikira pokhulupirira zotuluka pa kugundana kwa mapulotoni

Mapulotoni awiri (tinthu ta m'phata la atomu) akagundana mkati mwa makina a Large Hadron Collider (LHC), amene ali pansi pa nthaka m'malire a Switzerland ndi France, kawirikawiri sipachitika zodabwitsa, chifukwa amangophwanyika ndipo tinthu ting'onoting'ono tochuluka timamwazika, tambiri tikulowera kumene mapulotoniwo ankapita. Koma pa kugundana kwina, kumene kumachitika mwa apo ndi apo, tinthu timatulukira cham'mbali titathithikana m'magulu awiri opapatiza, lina kuloza uku, linzake kuloza mbali yotsutsana nayo. Gulu lililonse lotere limatchedwa jet. Masiku ano wophunzira fizikisi amaona ma jet ngati chinthu chozolowereka, komabe panapita zaka pafupifupi 20 kuti akatswiri avomereze kuti ma jet alikodi pa kugundana kwa mapulotoni, ndipo panapitanso zaka zoposa 20 kuti agwirizane za mmene angawawerengere.

Nkhaniyi inayamba mu 1964, pamene Murray Gell-Mann ku yunivesite ya Caltech ku America ndi George Zweig ku CERN (malo ofufuzira a ku Ulaya kumene kuli LHC), aliyense payekha, ananena kuti pulotoni ndi nyutuloni zinapangidwa ndi tinthu titatu tating'ono kwambiri, timene lero timatchedwa ma quark. Ganizoli linalongosola bwino mitundu yambiri ya tinthu timene tinkapezeka m'zaka zimenezo, koma linali ndi vuto lalikulu: palibe amene anaonapo quark ili yokha. Anthu anaifunafuna m'makina ogunditsira tinthu, m'cheza chochokera kuthambo, m'madzi a m'nyanja, ngakhale m'dothi lochokera kumwezi, osaipeza. Pa chifukwa chimenechi ambiri ankaganiza kuti quark ndi njira chabe yosavutira masamu. Maganizo anayamba kusintha mu 1968, pamene gulu la Jerome Friedman, Henry Kendall ndi Richard Taylor linawombera mapulotoni ndi maelekitironi ku SLAC, malo ofufuzira a ku California, ndi kupeza kuti maelekitironi ambiri ankapatuka kwambiri, ngati agunda tinthu tolimba tobisika mkati. James Bjorken ndi Richard Feynman ndi amene anathandiza kumasulira zotsatirazo, ndipo atatu oyesawo analandira mphoto ya Nobel mu 1990.

Funso loti n'chifukwa chiyani quark siituluka yokha linayamba kumveka mu 1973, David Gross, Frank Wilczek ndi David Politzer atasonyeza kuti mphamvu yomanga ma quark imafooka akayandikana kwambiri, pomwe akatalikirana imakula. Quark ikamenyedwa mwamphamvu n'kuyamba kuthawa anzake, pakati pawo pamakhala ngati chingwe chimene chikukokedwa, ndipo chingwecho chikaduka sipatsala nsonga imodzi yokha, chifukwa pamene chadukirapo pamabadwa quark yatsopano ndi mnzake wotsutsana nayo. Kudukaku kumabwerezeka kambirimbiri m'kanthawi kochepa zedi, ndipo chimene chimafika m'zipangizo zoyezera ndi gulu la tinthu wamba, makamaka ma pion, toyenda njira imene quark yoyambayo inalowera. Motero chiphunzitsocho chinalosera kuti ngakhale quark sidzaoneka yokha, njira yake ndi mphamvu zake zidzaoneka mu jet. Chotsala chinali kuipeza jet imeneyo.

Makina oyamba padziko lonse ogunditsa mapulotoni maso ndi maso anali a Intersecting Storage Rings ku CERN, amene anayamba kugwira ntchito mu January 1971 ndipo anafika pa mphamvu ya GeV pafupifupi 63. Kuti chiwerengerochi chimveke, kulemera kwa pulotoni imodzi kukasinthidwa kukhala mphamvu kumatsala pang'ono kukwana GeV imodzi. Oyesa ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti zofunika zonse zimachitika kufupi ndi njira ya mapulotoni, choncho zipangizo zawo zambiri anaziloza komweko. Koma mu 1972 magulu amene anayang'ana cham'mbali anapeza ma pion amphamvu ochuluka kwambiri kuposa mmene ankayembekezera, chimene chinali chizindikiro chakuti tinthu tolimba ta m'pulotoni imodzi tikugundana ndi ta mu inzake. Makinawa anali abwino kwambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kwa zaka zingapo zoyambirira analibe zipangizo zozungulira malo onse ogundanirapo, zimene zikanatha kuona chithunzi chathunthu.

Umboni woyamba wa ma jet unachokera kwina, pa kugundana kwa elekitironi ndi pozitironi (mnzake wa elekitironi wotsutsana nayo pa magetsi), kumene kulibe zinyalala za mapulotoni ophwanyika. Mu 1975 Gail Hanson ndi anzake, pa makina a SPEAR ku SLAC, anasonyeza kuti mphamvu ikamakwera kufika pa GeV 7.4, tinthu totuluka timasiya kumwazika mofanana mbali zonse n'kuyamba kutsata mzere umodzi. Ndi maso sizinkaoneka. Zinkadziwika pokhapokha munthu ataphatikiza kugundana kochuluka n'kuwerengera. Chaka chotsatira John Ellis, Mary Gaillard ndi Graham Ross ananena kuti quark yothamanga ikhoza kutulutsa gluon, kanthu kamene kamanyamula mphamvu yomanga ma quark, ndipo kuti zikatero padzaoneka ma jet atatu. Zimenezi zinaonekadi mu 1979 pa makina a PETRA ku DESY, mumzinda wa Hamburg, kumene gulu la TASSO linayamba kulengeza ndipo magulu a MARK-J, PLUTO ndi JADE anapezanso zomwezo. Za amene anayenera kutamandidwa poyamba panali kusamvana kumene kunatenga nthawi, ndipo mu 1995 bungwe la European Physical Society linapereka mphoto kwa Paul Söding, Bjørn Wiik, Günter Wolf ndi Sau Lan Wu a gulu la TASSO.

Kwa mapulotoni nkhani inali isanathe, ndipo apa ndi pamene mkangano unafika povuta. Okayikira ankanena, ndipo anali ndi mfundo, kuti ngati chipangizo chako chikuyang'ana kachigawo kochepa ndipo wachiuza kuti chisunge kugundana kokhako kumene kwaponya mphamvu zambiri m'kachigawo kameneko, udzaona chinthu chooneka ngati jet ngakhale palibe jet, popeza wasankha wekha zimene ukufuna kuona. Njira yoyesera mfundoyi inali kumanga kalorimita, chipangizo chimene chimameza tinthu n'kuyeza mphamvu zake, yozungulira mbali zonse. Gulu la NA5 ku CERN linachita zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo zotsatira zake zinadodometsa anthu: kugundana kumene kunali ndi mphamvu zambiri zopita cham'mbali sikunaonetse magulu awiri, koma tinthu tochuluka tofooka tomwazika paliponse. Akatswiri ena odziwika anayamba kunena poyera kuti mwina ma jet sadzaoneka bwino pa kugundana kwa mapulotoni.

Yankho linabwera mu 1982. Potsatira ganizo limene Carlo Rubbia analilimbikira, ndiponso luso la Simon van der Meer losonkhanitsa maantipulotoni (anzake a mapulotoni otsutsana nawo pa magetsi), CERN inasandutsa makina ake a SPS kukhala ogunditsa mapulotoni ndi maantipulotoni pa mphamvu ya GeV 540. Cholinga chinali kupeza tinthu tolemera totchedwa W ndi Z, timene tinapezekadi mu 1983, koma tisanapezeke gulu la UA2 linaonetsa pa msonkhano waukulu wa ku Paris, mu July 1982, chithunzi cha kugundana kumodzi kumene pafupifupi mphamvu zonse zinaunjikana m'malo awiri otsutsana, kwina konseko kuli mbee. Sipanafunikenso masamu kuti munthu akhulupirire. Zimene NA5 inaona sizinali zabodza ayi; vuto linali lakuti pa mphamvu zochepa, kumwazika kwa tinthu tofooka kumaphimba kugundana kolimba kwa ma quark ndi ma gluon. Mphamvu zopita cham'mbali zikamakwera, kumwazika kofookako kumachepa msanga kwambiri kuposa kugundana kolimba, mpaka pamafika poti ma jet okha ndi amene amatsala.

Atavomereza kuti ma jet alipo, akatswiri anakumana ndi funso limene limaoneka laling'ono koma linawatangwanitsa zaka zambiri: kodi jet imayambira pati n'kuthera pati? Chilengedwe sichilemba malire pa gulu la tinthu. Kanthu kamene kapatuka pang'ono, wina akhoza kukaika mu jet, wina n'kukasiya kunja, ndipo magulu awiri oyandikana wina angawawerenge ngati jet imodzi, wina ngati awiri. George Sterman ndi Steven Weinberg anali atasonyeza kale mu 1977 kuti masamu a chiphunzitsochi amapereka yankho lomveka pokhapokha ngati lamulo lowerengera silisintha chiwerengero cha ma jet pamene kanthu kofooka kwambiri kawonjezeka, kapena pamene kanthu kamodzi kagawika pawiri n'kupitiriza njira yomweyo. Lamulo likalephera pamenepa, masamu amatulutsa manambala opanda malire, ndipo zoyesa sizingayerekezedwe ndi zolosera.

Panabadwa miyambo iwiri. Ogwira ntchito pa makina a maelekitironi ankaphatikiza tinthu tiwiritiwiri, kuyambira toyandikana kwambiri, kufikira magulu atapangika, ndipo njira yotchedwa kt, imene inakonzedwa kuti igwirenso ntchito pa mapulotoni mu 1993, inali ya mtundu umenewu. Ogwira ntchito pa mapulotoni, makamaka magulu a CDF ndi D0 pa makina a Tevatron ku Fermilab, ku America, ankakonda kujambula bwalo kuzungulira kanthu kamphamvu n'kutenga zonse zogwera mkati mwake, chifukwa jet yozungulira bwino ndi yosavuta kuichotsera mphamvu zosafunika zochokera ku zotsalira za mapulotoni. Mu 1990, pa msonkhano wa ku Snowmass, ku Colorado, mbali zonse zinalemba mfundo zimene lamulo labwino liyenera kukwaniritsa, koma kulemba mfundo kunali kosavuta kuposa kuzitsata. Njira zambiri za bwalo zinkalephera pa mfundo ya Sterman ndi Weinberg, pomwe njira ya kt inkatulutsa ma jet a m'mphepete mokhotakhota ndiponso inkachedwa kwambiri pa kompyuta tinthu tikachuluka. Mbali iliyonse inkaona zofooka za inzake molondola, n'chifukwa chake mkanganowu sunathe msanga.

Kufunika kwa kusamala pa ma jet kunaoneka mu 1996, pamene CDF inalengeza kuti ma jet amphamvu kwambiri anali ochuluka kuposa mmene masamu ankanenera. Ena anayamba kuganiza kuti mwina quark nayonso ili ndi tinthu tina mkati mwake. Patapita nthawi zinadziwika kuti kusiyanako kukhoza kutha munthu akakonza chiwerengero cha ma gluon amene amanyamula gawo lalikulu la liwiro la pulotoni, chimene pa nthawiyo sichinkadziwika bwino.

Mkangano wa malamulo unatha LHC itatsala pang'ono kuyamba. Matteo Cacciari ndi Gavin Salam anapeza njira yofulumizitsa kwambiri kuphatikiza tinthu pa kompyuta, ndipo mu 2008, pamodzi ndi Gregory Soyez, anafalitsa njira ya anti-kt. Anasintha chinthu chimodzi chokha m'masamu a kt, kuti tinthu tofooka tizimamatira ku kanthu kamphamvu koyandikana nato tisanamatirane tokhatokha, ndipo chotsatira chake chinali ma jet ozungulira bwino monga oyesa ankafunira, amenenso amakwaniritsa zimene owerengera ankafuna. Magulu oyesa a ku LHC, ATLAS ndi CMS, anaitenga njirayi kugundana kusanayambe mu 2009. Poyamba ankasiyana pa kukula kwa bwalo, ATLAS ikugwiritsa ntchito 0.4 ndi 0.6 pomwe CMS inkagwiritsa ntchito 0.5 ndi 0.7, koma kuyambira 2015, mphamvu zitakwera kufika pa TeV 13 (GeV 13,000), onse awiri anakhazikika pa 0.4 pa ma jet wamba. Kugwirizana kumeneku sikutchuka ngati kupezeka kwa kanthu kotchedwa Higgs mu 2012, koma ndikuona kuti popanda iko zoyesa zambiri za LHC sizikanatha kuyerekezedwa molimba mtima, kuphatikizapo umboni wa mu 2018 wakuti Higgs imasweka kukhala ma quark awiri a mtundu wa bottom, amene amaoneka ngati ma jet basi.

Gawo limene masamu sanaligonjetsebe ndi la mapeto, pamene ma quark ndi ma gluon amasanduka tinthu timene zipangizo zimagwira. Pamenepo mphamvu yomanga imakhala yaikulu moti njira zowerengera zozolowereka sizigwira ntchito, choncho akatswiri amadalira zifaniziro, kuyambira cha Rick Field ndi Feynman cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kufika pa cha chingwe chimene Bo Andersson ndi Gösta Gustafson anakonza ku Lund, ku Sweden, chimene chili m'pulogalamu ya PYTHIA ya Torbjörn Sjöstrand. Mapulogalamuwa amachunidwa poyerekeza ndi zoyesa, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankaona kuti kugundana kwa mapulotoni n'kosavuta kumvetsa poyerekeza ndi kwa phata za maatomu olemera. Pa phata zolemerazo, monga za golide pa makina a RHIC ku Brookhaven, ku America, ndi za mtovu ku LHC, pamapangika madzi otentha zedi a ma quark ndi ma gluon amene amafooketsa jet yodutsamo, monga Bjorken analosera mu 1982 ndipo ATLAS inaonetsa mu November 2010, itapeza ma jet awiri osalingana mphamvu. Koma mu September chaka chomwecho CMS inapeza kuti pa kugundana kwa mapulotoni kumene kwatulutsa tinthu tochuluka kwambiri, tinthu totalikirana timayenda mogwirizana monga timachitira m'madzi otenthawo, ndipo pambuyo pake gulu la ALICE, la ku LHC komweko, linapeza kuti tinthu tokhala ndi quark ya mtundu wa strange timachulukanso pa kugundana koteroko. Chovuta n'chakuti kufooka kwa ma jet sikunaoneke pa mapulotoni. Pofuna kudziwa kukula kumene kufookako kumayambira, mu July 2025 LHC inagunditsa kwa masiku ochepa phata za okosijeni ndi za neon, zimene zili pakati pa pulotoni ndi mtovu.