Chifukwa chiyani mlatho waufupi umatha kudula kuposa wautali?

Pa mtsinje wa Zambezi pali milatho iwiri imene mitengo yake imazunguza mutu mukaiika pamodzi. Wa ku Caia m'dziko la Mozambique, umene unatsegulidwa mu 2009, ndi wotalika mamita 2,376. Wa ku Kazungula, wolumikiza Zambia ndi Botswana, unatsegulidwa mu Meyi 2021 ndipo ndi wa mamita 923 basi. Koma ntchito ya ku Kazungula inadya madola pafupifupi 259 miliyoni, pamene ya ku Caia sinafike ngakhale theka la ndalamazo. Mtsinje womwewo, mlatho waufupi n'kudula kuwirikiza. Munthu akamva zimenezi amangoti, "Apa wina wadyapo."

Sindikukana kuti pa ntchito za misewu ndi milatho anthu amadya. Katangale alipo, ndipo m'maiko ambiri anthu ena akuluakulu anagwidwapo. Koma kugawa mtengo ndi mamita si njira yogwirira wakuba. Ife mainjiniya tikamawerengera mlatho, utali wake timaufunsa mochedwa, titafunsa kale zina zimene zimasuntha ndalama kwambiri.

Ku Kazungula, choyamba n'chakuti 259 miliyoniyo si ya mlatho wokha. Muli zipata ziwiri za m'malire, china mbali ya Zambia china mbali ya Botswana, ndi maofesi ake, malo oimikapo mathiraki ndi misewu yolowera. Mlathowo unamangidwanso kuti udzanyamule sitima yapamtunda pakati pa mizere ya magalimoto, ndipo sitima imalemera ndi kugwedeza kuposa thiraki iliyonse, ndiye chilichonse kuyambira pamwamba mpaka pa maziko chimafunika kunenepa. Ndiyeno pali kupindika kwake. Pamalo amenewa maiko anayi amatsala pang'ono kukhudzana, ndipo malire a Zambia ndi Botswana ndi kachidutswa kochepa chabe. Mlathowo unakhota ngati uta kuti usaponde mbali ya Zimbabwe kapena Namibia. Kukhota kumeneko si kwa madzi kapena kwa miyala, ndi kwa ndale, koma kunalipiridwa ndi simenti ndi zitsulo. Ku Caia, gawo lalikulu la mamita 2,376 aja ndi msewu wokwezedwa pamwamba pa dambo limene madzi amasefukira, zipilala zofanana zobwerezabwereza. Ntchito yobwereza imatsika mtengo chifukwa chikombole chomwecho ndi amisiri omwewo amapanga chinthu chimodzimodzi kambirimbiri. Onjezanipo zaka 12 za kukwera mitengo kwa zinthu, kusiyana kuja kwayamba kumveka.

Chimene chimasintha mtengo kuposa utali ndi mpata wa pakati pa chipilala ndi chinzake. Ganizirani thabwa loyalidwa pa ngalande. Ngalande ya mita imodzi, thabwa wamba likwanira. Ya mamita awiri, mphamvu yofuna kulithyola pakati siwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi ngati katundu wayalidwa thabwa lonse. Mukalinenepetsa kuti lipirire, lalemeranso, ndipo tsopano likulimbana ndi kulemera kwake komwe. Pa milatho zimafika poti mtanda wa konkire umathera mphamvu zake zambiri pa kudzinyamula wokha, magalimoto n'kukhala gawo laling'ono la katundu. Pofika pamenepo mumasiya mitanda n'kuyamba nsanja zazitali ndi zingwe zachitsulo, ndipo mwalowa m'gulu lina la mitengo.

Mlatho wa Maputo–Katembe, umene unatsegulidwa mu Novembala 2018, uli ndi mpata wa mamita 680 popanda chipilala m'madzi, ndipo msewu wake uli mamita pafupifupi 60 pamwamba pa madzi. Sikuti anachita zimenezi pofuna kudzionetsera. Pansi pake pamadutsa sitima zapamadzi zopita ku doko la Maputo. Kukweza msewu mamita 60 kumatanthauzanso kuti mbali zonse ziwiri muyenera kumanga misewu yaitali yokwera pang'onopang'ono kuti thiraki yodzaza ithe kukwera, ndipo mbali ya mzinda misewuyo inadutsa m'malo okhala anthu ku Malanga, kumene mabanja anasamutsidwa ndi kupatsidwa chipukuta misozi. Ndalama zimene zimatchulidwa, madola 785 miliyoni, zambiri mwa izo ngongole ya ku China, zikuphatikizanso misewu yopita ku Ponta do Ouro kumalire ndi South Africa. Ngati mlathowu unali wofunika pa mtengo umenewo, m'dziko limene linali kale ndi ngongole zothina, ndi mkangano wina umene anthu a ku Mozambique ali ndi ufulu woupitiriza. Ine ndikungonena kuti aliyense amene akanafuna mlatho pamalo amenewo, sitima n'kumadutsabe, sakanathawa mpata waukulu.

Koma kumene ndalama zimamira kwenikweni ndi pansi pa madzi, kumene woyenda pa mlatho sadzaonako. Mlatho waukulu suima pa mchenga wa mumtsinje. Umaima pa mizati yozikidwa pansi kwambiri, imene pa ntchito timaitcha mapailo. Kapangidwe ka pailo imodzi yokumba kamayenda chonchi. Amakhoma chimpaipi chachitsulo m'matope, chachikulu moti munthu atha kuimirira m'kati mwake. Makina amakumba m'katimo, akutulutsa mchenga ndi dongo, uku dzenjelo akulidzaza ndi phala lamadzimadzi la dongo lapadera kuti makoma asagumukire m'kati. Akafika pa nthaka yolimba amatsitsamo chikhola cha zitsulo zomangidwa, chigawo ndi chigawo. Kenako konkire amathira kudzera mu paipi yofika pansi penipeni, kuti konkireyo azikwera kuchokera pansi akukankha phala lija kupita pamwamba. Kuthira kukayamba sikuima, kaya kwada kaya mvula yabwera. Makina osakaniza akafa pakati pa ntchito, kapena paipi ikatuluka mu konkire ngakhale kamphindi, matope amalowa pakati ndipo pailoyo yawonongeka. Chipilala chimodzi chimatha kukhala pa mapailo angapo otere.

Funso n'lakuti nthaka yolimbayo ili pa mamita angati. Pena thanthwe lili pa mamita asanu, pena mukumba mamita 50 osalipeza. Ku Bangladesh, mlatho wa pa mtsinje wa Padma, wa makilomita 6.15, umene unatsegulidwa mu Juni 2022, uli ndi mapailo achitsulo ofika mamita oposa 120 pansi, chifukwa pansi pa mtsinjewo ndi mchenga ndi matope okhaokha, ndipo madzi osefukira amakumba pansi mozama kwambiri. Ntchito ili m'kati anapeza dongo lofewa pansi pa zipilala zingapo, mapulani a maziko n'kujambulidwanso, nthawi n'kupita. Ndiponso mtsinje wa Padma umasuntha njira yake. Ntchito yomanga magombe kuti madzi apitirize kudutsa pansi pa mlatho, osaulambalala, inadya ndalama zoposa madola biliyoni imodzi payokha. Ndalama zonsezo pa chithunzi cha mlatho sizioneka.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona mwini ntchito akudula bajeti yofufuzira nthaka. Kuboola mabowo oyesera, kutulutsa timiyala ndi dothi n'kuziika m'mabokosi motsatana ndi kuya kwake, ndi ndalama yochepa zedi poyerekeza ndi mlatho wonse. Koma poti sizioneka, ndipo nduna singadule riboni pa bokosi la dothi, ndi zimene zimayamba kuchotsedwa. Amaboola mabowo atatu pamene pafunika khumi. Kontrakitala akafika n'kupeza nthaka yosiyana ndi imene anamuuza, amalemba kalata yofuna ndalama zowonjezera, ndipo nthawi zambiri malamulo a mgwirizano amakhala kumbali yake.

Nthawi nayo ndi ndalama, ndipo chitsanzo chopweteka chili ku America. Mu 1989 chivomezi chinagwetsa kachigawo ka mlatho wolumikiza San Francisco ndi Oakland. Ataganiza zomanga watsopano mbali ya kum'mawa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ankawerengera madola biliyoni imodzi ndi kanthu. Kenako andale anayamba kukangana za maonekedwe ake ndi pamene udutse. Anasankha kamangidwe kokongola koma kovuta, ka nsanja imodzi ndi chingwe chomangirira pa mlatho womwewo, kamene sikangaime pakokha mpaka katatha, moti anayenera kumanga kaye mlatho wina wongoyembekezera pansi pake kuti uugwirire. Pamene ankakangana, mtengo wa zitsulo padziko lonse unakwera. Mu 2004 atayitanitsa makampani kuti apikisane pa gawo lovutalo, linabwera gulu limodzi lokha la makampani, ndi mtengo pafupifupi kuwirikiza kawiri umene boma linkayembekezera. Mlathowo unatsegulidwa mu 2013, patatha zaka 24 chichitikireni chivomezi, utadya madola oposa 6 biliyoni.

Ikani pambali pake mlatho wa Millau ku France: mamita 2,460, nsonga yake yaitali kwambiri mamita 343 kuchokera pansi, womangidwa m'zaka zitatu n'kutsegulidwa mu Disembala 2004, pa mtengo wa mayuro pafupifupi 400 miliyoni. Zoona, zipilala zake zisanu ndi ziwiri zili pamtunda osati m'nyanja, ndipo kulibe zivomezi ngati za ku California. Koma chinanso n'chakuti kampani ya Eiffage inamanga ndi ndalama zake, kuti izidzabweza kudzera m'ndalama zolipira podutsa. Mwezi uliwonse wochedwa ukanatuluka m'thumba mwake. Anthu amafulumira modabwitsa pamene kuchedwa kukuwadya iwo eni.

Palinso vuto la nambala yoyamba imene imalengezedwa. Katswiri wina wa ku Denmark, Bent Flyvbjerg, ndi anzake anafufuza ntchito 258 za mayendedwe m'maiko osiyanasiyana, ndipo mu 2002 anapeza kuti milatho ndi misewu yodutsa pansi pa nthaka imapitirira bajeti yake ndi pafupifupi 34 pa 100 alionse. Kukanakhala kulakwitsa masamu chabe, bwenzi ntchito zina zikutsika mtengo ndipo zina zikukwera mofanana. Koma pafupifupi zonse zimapendekera mbali imodzi. Nambala yaing'ono ndi imene imadutsa ku nyumba ya malamulo ndi kwa obwereketsa ndalama, ndipo mlatho ukafika pakati pa mtsinje palibe amene angausiye. Choncho mukamva kuti mtengo wakwera, pena sikuti ntchito yadula, koma kuti nambala yoyamba ija inali yokopera anthu.

Kuno ku Malawi milatho yathu ndi yaing'ono poyerekeza ndi imeneyi, koma tili ndi mtolo wathu. Zitsulo zolimba, zingwe zokokera konkire, ziwiya zimene mlatho umakhalira pamwamba pa chipilala, phula, dizilo ndi makina akuluakulu zimachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo zimalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Kontrakitala amene anasayina mgwirizano wa makwacha zimenezi zisanachitike sakanagula zitsulo zomwezo ndi ndalama zomwezo. Ntchito ya m'madzi imafunanso chilimwe. Malipiro akachedwa miyezi itatu n'kuphonya nyengo youma, mwataya chaka chathunthu, uku makina obwereka akuwerengedwa tsiku ndi tsiku ali chiimire. Ngakhale ku Kazungula, kampani ya Daewoo, imene inkamanga mlathowo, inaimitsako ntchito mu 2019 chifukwa cha kuchedwa kwa malipiro ochokera ku Zambia.

Bajeti ikathina, chimene amadula kawirikawiri si mlatho weniweniwo. Amaufupikitsa, n'kudzaza dothi mbali zonse ziwiri mpaka kupanikiza njira ya madzi, ndipo amachepetsa miyala ndi makoma otchinjiriza magombe. Pa pepala ndalama zapulumuka. Anamondwe a Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anaonetsa zotsatira zake m'chigawo chakumwera: m'malo ena konkire anatsala chiimire pakati pa mtsinje, dothi la msewu wolowera litakokoloka, madzi atadzipangira njira kumbali. Pamenepo boma limalipira mlatho wachitsulo wongoyembekezera, kenako n'kulipiranso ntchito yotchinjiriza magombe imene inachotsedwa poyamba ija, pa mtengo wa chaka chimenecho.