Tchimo ndi mlandu: pamene Malamulo Khumi amakumana ndi malamulo a boma

Ife amene timagwira ntchito yolangiza anthu za malamulo kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, timalandira kawirikawiri madandaulo awiri ooneka ngati otsutsana. Bambo amene wagwira mkazi wake ndi mwamuna wina amafuna kudziwa chifukwa chimene apolisi akukanira kutsekera wachigololoyo, chikhalirecho Baibulo linanena mosapsatira kuti "Usachite chigololo." Tsiku lina kumabwera mkulu wa mpingo, wodabwa kuti mlandu wa mwamuna womenya mkazi ukupitirira ku bwalo la boma pamene awiriwo anagwirana kale chanza pamaso pa abusa ndi ankhoswe. Onse awiri amakhala atatenga tchimo ndi mlandu ngati chinthu chimodzi, ndipo kusokoneza kumeneku kwapweteketsa anthu ambiri osalakwa.

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, amene anakhazikitsidwa mu 2004, amanena mu gawo 12 kuti boma lilibe chipembedzo chakechake, ndiponso kuti boma ndi mipingo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ena akamva zimenezi amayesa kuti boma limadana ndi Mulungu, koma gawo lomwelo limapitiriza kuti boma limazindikira ndi kuyamikira ntchito ya mipingo yolimbikitsa mtendere ndi kumvana, ndipo gawo 54 limapatsa munthu aliyense ufulu wopembedza kapena wosapembedza. N'chifukwa chake tsiku la 25 Disembala, limene akhristu amadzaza matchalitchi, pa kalendala ya boma limalembedwa kuti Tsiku la Banja. Anzathu a ku Zambia, kutsidya kwa malire a ku Cassacatiza, anatsata njira ina, pakuti Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, koma ngakhale kumeneko woweruza akamagamula mlandu wa kuba amatsegula buku la malamulo a dziko, osati Levitiko.

Amene amalakalaka boma loyendera mpingo ayenera kukumbukira mbiri ya chigawo chino cha Tete. Pa nthawi ya Apwitikizi, misiyoni za mpingo wa Reformed kuno ku Angónia zinatsekedwa mu 1922, ndipo pangano la mu 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican linapatsa mpingo wa Katolika udindo waukulu pa sukulu za anthu akuda, moti mipingo ina inkakhala ngati mlendo wosafunika. Dziko litalandira ufulu mu 1975 zinthu zinatembenuka: boma linalanda sukulu ndi zipatala za misiyoni, ndipo a Mboni za Yehova ambirimbiri anatengeredwa ku misasa ya ku Carico m'boma la Milange. Pa nthawi zonse ziwirizi amene anavutika anali anthu opemphera. Boma likasankha mpingo, wina amakhala kunja, ndipo palibe amene angalonjeze kuti wosankhidwayo adzakhala wanu.

Tikawerenga Malamulo Khumi pa Eksodo 20, timapeza kuti atatu okha ndi amene amafanana kwambiri ndi milandu imene munthu amamangidwa nayo: kupha, kuba, ndi kuperekera mnzako umboni wonama. Apa mpingo ndi boma amayenda njira imodzi, ngakhale zifukwa zawo sizifanana. Mose analetsa kupha chifukwa munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, pamene boma limaletsa chifukwa munthu aliyense, mkhristu, msilamu kapena wa ku dambwe, ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Zilango nazonso zinasiyana kalekale. Chilamulo cha Mose chinkapereka imfa kwa wakupha ndi kwa wachigololo, koma dziko lino linathetsa chilango cha imfa mu 1990, ndipo gawo 40 la malamulo aakulu limanenabe zomwezo. Pa nkhani ya kuba, ine ndimaona kuti Eksodo 22 anali ndi nzeru imene makhoti athu amaiperewera nthawi zina: wakuba ng'ombe ankabweza zisanu, wakuba nkhosa zinayi. Mlimi wa ku Tsangano amene waberedwa ng'ombe zokoka ngolo sapindula kanthu wakubayo akakhala m'ndende koma khola lili lopanda kanthu, ndipo n'chifukwa chake timalangiza anthu kuti pa mlandu wotere azipemphanso chipukuta misozi, pakuti lamulo limalola.

Malamulo oyambirira, okhudza kupembedza Mulungu mmodzi, mafano ndi dzina la Mulungu, boma silingawakhudze popanda kuphwanya ufulu wa chipembedzo umene ndatchula kale. Sabata linasiya chizindikiro chake m'malamulo a ntchito, amene amapatsa wantchito tsiku lopuma pa mlungu, kawirikawiri Lamlungu, koma cholinga chake ndi thanzi la wantchito, ndipo palibe amene angamangidwe chifukwa chokumba mbatata tsiku limenelo. Lamulo lomaliza, loletsa kusirira, ndi limene limaonetsa bwino malire a khoti. Kusirira kumachitika mumtima, ndipo Yesu pa Mateyu 5 anafika ponena kuti woyang'ana mkazi momukhumba wachita naye kale chigololo mumtima mwake. Woweruza alibe diso loona mumtima; iye amadalira mboni, zikalata ndi mabala ooneka, ndipo munthu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka umboni utamugwira. Ngakhale Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa mpingo wa Katolika amene anamwalira mu 1274, anavomereza kuti malamulo a anthu saletsa zoipa zonse, koma zikuluzikulu zokha, makamaka zimene zimapweteka ena, zimene popanda kuziletsa anthu sangathe kukhala pamodzi.

Tibwerere kwa bambo uja wa chigololo. Iye sanalakwe kumva kuwawa, ndipo si zoona kuti boma silimuona. Lamulo la mabanja, Lei 22/2019, limaika kukhulupirika pakati pa maudindo a anthu okwatirana, ndipo wolakwiridwa angathe kupempha khoti kuti lithetse ukwati pa chifukwa chimenechi. Chimene sangapeze ndi ndende, pakuti chigololo pakati pa anthu akuluakulu ogwirizana sichili pa mndandanda wa milandu yomangitsa. Angathenso kupita kwa mfumu kapena ku bwalo la m'mudzi lija lotchedwa tribunal comunitário, popeza gawo 4 la malamulo aakulu limavomereza njira zathu zachikhalidwe zothetsera mikangano malinga ngati sizikutsutsana ndi mfundo zazikulu za malamulowo. Koma mabwalo amenewa ndi oyanjanitsa anthu, alibe mphamvu yotsekera munthu, ndipo bamboyo akatenga chikwanje kukadzilipsirira yekha, womangidwa adzakhala iyeyo. Zofanana ndi zimenezi zimachitika ndi lamulo lakuti "Lemekeza atate wako ndi amako": khoti silingalamule mwana kukonda makolo ake, koma lingamulamule kuthandiza kholo lokalamba limene lilibe pogwira, ngati mwanayo ali nazo.

Kumene ngozi yakula ndi mbali inayo, pamene mpingo ukuona kuti nkhani yatha koma boma likuti siinathe. Kuyambira mu 2009, ndi Lei 29/2009, nkhanza za m'banja zochitira amayi ndi mlandu wa boma, kutanthauza kuti woimira boma pa milandu amapitiriza nawo ngakhale mayiyo atanena kuti wakhululuka. Kukhululuka ndi chinthu chachikulu, ndipo palibe lamulo loletsa mkhristu kukhululukira amene wamulakwira, koma kumachotsa mangawa a pakati pa awiriwo, osati a pakati pa wolakwayo ndi dziko. Tonse tikudziwa kuti amayi ambiri amati akhululuka pamene apongozi ndi ankhoswe awazungulira, ndipo opanga lamulo ankadziwanso zimenezi. Chimodzimodzinso maukwati a ana: Baibulo silitchula zaka zolowera m'banja, koma Lei 19/2019 inaika malire pa zaka 18, ndipo mwayi wakale wokwatitsa mwana wa zaka 16 makolo akavomera unachotsedwa. Mtsikana akatenga pakati, akulu ampingo ena amathamangira ukwati pofuna kuphimba manyazi, osadziwa kuti lamulo limalanga mwamuna wamkuluyo, makolo ovomereza, ndiponso mtsogoleri wa chipembedzo kapena mfumu imene yamangitsa ukwatiwo.

Pa ukwati wa akuluakulu, boma linaupatsa ulemu mpingo kuposa mmene ambiri amaganizira. Ukwati wa kutchalitchi kapena wachikhalidwe uli ndi mphamvu yofanana ndi wa ku boma, bola ukhale wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ukwaniritse zimene lamulo limafuna, ndipo ulembedwe ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsako maukwati. Kulembetsako ndi kumene ambiri amakuiwala. Mayi amene anadalitsidwa ndi abusa zaka makumi awiri zapitazo, mwamuna wake akamwalira ndipo achibale akabwera kudzagawana chuma, amavutika kwambiri kutsimikizira malo ake ngati m'manja mwake muli chikalata cha mpingo chokha.

Palinso zinthu zimene boma limalola koma mipingo yambiri imaletsa, monga kusudzulana, kapena kuchotsa pakati pasanakwane milungu 12 m'chipatala chovomerezeka (kuchotsa pakatiko kunaloledwa ndi lamulo la mu 2014). Kulola si kulamula: mkhristu sakakamizidwa kuchita zimenezi, abusa ali ndi ufulu wolalikira motsutsana nazo, ndipo mpingo ungathe kuimitsa membala wake pa mgonero malinga ndi malamulo ake. Mawu a atumwi pa Machitidwe 5:29, akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu, ali ndi malo ake ngakhale m'malamulo aakulu, amene amateteza ufulu wokana kuchita chinthu chotsutsana ndi chikumbumtima monga mmene lamulo lingafotokozere. Koma ufulu umenewu ndi wokana kuchita, si wopweteka wina m'dzina la chikhulupiriro. Amene amawerenga Eksodo 22:18 n'kukagwetsa nyumba ya gogo amene mneneri wamuloza kuti ndi mfiti adzayankha mlandu woononga katundu, wovulaza kapena wakupha, ndipo mneneri wowatuma uja lamulo limamuwerengera pamodzi ndi amene anagwira nkhwangwa.