Mwapita kwa GP, mwapeza wa ambulansi

Mayi wina amene timapemphera limodzi kuno ku England anandiimbira foni atakwiya. Anapempha kuonana ndi GP (dokotala amene wodwala amayamba kuonana naye kuno) chifukwa cha chifuwa, koma atalowa m'chipinda anapezamo paramedic, wachipatala wa pa ambulansi. "Achemwali, ine ndimafuna dokotala, osati woyendetsa ambulansi!" Ndinaseka chamumtima, poti kumudzi clinical officer timamutchula kuti adokotala popanda kuwiringula.

Ndine dokotala pa GP surgery, kiliniki ya ma GP, ndipo ina mwa ntchito zanga ndi kuyang'anira ma paramedic amene akuphunzira kuona odwala kuno. Paramedic si dalaivala. Dzinali ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo aliyense wodzitcha paramedic ayenera kukhala m'kaundula wa bungwe lowayang'anira la Health and Care Professions Council. Kuyambira mu April 2021, NHS England, bungwe la boma la zaumoyo, inayamba kupereka ndalama zoti ma surgery azilemba ma paramedic ntchito, ndipo chaka chomwecho Health Education England, bungwe limene linkaona za maphunziro a ogwira ntchito zaumoyo, inatulutsa ndondomeko ya maphunziro awo. Amayamba ndi za m'mabuku pa mlingo wa masters, kenako amaona odwala enieni ife tikuwayang'anira. Nthawi zina timakhala pakona n'kumamvetsera, tikatero timakambirana wodwala mmodzimmodzi. Amene apitiriza maphunziro amaloledwa kulemba mankhwala, lamulo linavomereza zimenezi mu 2018.

Chimene chimawavuta si chimene anthu amaganiza. Kupima mtima ndi ECG, kuzindikira sitiroko, kukhazika mtima pansi banja likulira, pa zimenezi ena amatiposa ife. Koma pa ambulansi funso limakhala limodzi: kodi munthuyu afa ola lino? Ukakayika, umamunyamula. Kuno matenda amabwera asanaonetse nkhope yake. Wina angoti akutopa, wina mutu wa miyezi itatu, wina akuonda pang'onopang'ono, mwana watentha thupi dzulo. Ambiri ayenera kubwerera kunyumba, ndipo kubweza munthu kunyumba popanda kumuika pachiswe ndiye phunziro lalikulu. Pamafunika kudziwa kuwerenga zotsatira za magazi, kusuzumira m'khutu, kutsata shuga ndi BP kwa miyezi, ndi kuuza wodwala momveka bwino zizindikiro zoti akaziona asadikire mawa.

Tsiku lina ndinaperekeza mnyamata amene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pa ambulansi, kukaona agogo aamuna amene anagwa m'khitchini. Anawapima mwaluso, kumutu mpaka kumapazi. Sanathyoke pena paliponse, sanamenyetse mutu, koma akaimirira BP inkatsika. Dzanja lake linali kale pa foni. Ndinamulozera jumbo imene inali patebulo. Atakhuthula, munatuluka mabokosi awiri a mankhwala amodzimodzi a BP, osiyana mtundu wa katoni wokha. Agogo ankamwa onse awiri m'mawa uliwonse, poganiza kuti ena ndi atsopano. Tinachotsa bokosi limodzi, tinatenga magazi kuti tione impso, tinafotokozera mwana wawo zoyenera kuyang'anira, ndipo mnyamatayo anabwererako patapita masiku awiri. Akanawatumiza ku A&E, gawo la chipatala lolandira odwala mwadzidzidzi, sakanalakwa kwenikweni, koma agogowo akanagona pa trolley usiku wonse, jumbo ija ili chikhalire patebulo.

Sindibisa, si surgery iliyonse imene imapereka nthawi yokwanira yoyang'anira ophunzirawa. Paramedic wosiyidwa yekha ndi mndandanda wa odwala, wopanda dokotala womufunsa, amandidetsa nkhawa. N'chifukwa chake muli ndi ufulu wofunsa amene akukuonani kuti ndi ndani, ndipo akuyang'aniridwa ndi ndani. Mukafuna GP weniweni, nenani.

Mayi uja ndinamufunsa kuti paramedic anachitapo chiyani. Anati anamumvera m'chifuwa, anamufunsa ngati akutuluka thukuta usiku komanso ngati anapita kumudzi posachedwa. Atamva kuti kutsokomolako kwadutsa milungu itatu, anagogoda pa chitseko cha dokotala, ndipo anatuluka ndi kalata ya X-ray.