Fistula ya kunjira ya chimbudzi ikabwereranso: moyo pambuyo pa opaleshoni

Anthu ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo akamva mawu oti fistula amangoganiza ya amayi ija yobwera mwana akavuta kubadwa. Iyi ndi ina. Imagwira abambo ndi amayi omwe, abambo kwambiri, ndipo si matenda a mudzi ayi ngakhale ambiri amasokoneza. Imayamba ngati chithupsa pafupi ndi potulukira chimbudzi, chikaphulika kapena akachitumbula kuchipatala pamatsala kanjira kuchokera mkati kudzatulukira pakhungu, ndiye kamangochucha mafinya, kabudula wamkati osawuma, kafungo nako osachoka.

Nanga bwanji imabwereranso chonsecho munthu anachitidwa opaleshoni? Nthawi zambiri ndi chifukwa kabowo ka mkati sikanapezeke kapena kanjirako kali ndi nthambi zina. Komanso TB, HIV ndi shuga zimachititsa kuti bala lizichedwa kupola, fodya nayenso chimodzimodzi. Ndiye ngati yabwerera pemphani akuyezeni zimenezi, ndipo amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a shuga musadukize. Sikuti wina wakulodzani.

Opaleshoni yachiwiri kapena yachitatu madokotala amasamala kwambiri chifukwa pamenepo pali mnofu umene umagwira chimbudzi ndi mpweya, ukadulidwa kwambiri subwerera mwakale. Nchifukwa chake ena m'malo mowang'amba kanjira konse amawasiyira kaulusi kotchedwa seton, kuti mafinya azituluka. Kamakhala masabata kapena miyezi ndithu, musakadule kapena kukasolola poganiza kuti adokotala anaiwala. Amene anang'ambidwa bala silisokedwa, limapola lokha kuyambira mkati, masabata 6 mpaka 12 si zachilendo.

Kunyumba chachikulu ndi beseni. Madzi ofunda oyera, mukhalemo mphindi 10 mpaka 15 kawiri kapena katatu patsiku komanso mukangochokera kuchimbudzi, kenako kupukuta mongogunditsa kansalu koyera osati kukhula. Osathiramo mankhwala azitsamba kapena spiriti, zimangowotcha bala. Pepala kapena zitsononkho iwalani kaye, tawasani ndi madzi. Timadzi tikamatuluka ikani kansalu kophimbira bala kotchedwa gauze kapena padi ya amayi ija, inde ngakhale abambo, palibe amene awone.

Kudzimbidwa ndiye mdani wamkulu. Mwayi wake kwathu kuno zofewetsa m'mimba sizisowa: mapapaya, nthochi zakupsa, chinanazi, mapeyala, nandolo, nkhwani, chigwada, ndipo nsima ikhale ya mgaiwa osati yoyera. Madzi imwani ambiri. Panado ndi wabwino pa ululu koma mankhwala amphamvu ngati tramadol amaumitsa m'mimba, awuzeni adokotala zikatero.

Za ntchito, ambiri amafunsa. Kuyenda pang'onopang'ono yambani msanga, kumathandiza. Koma kupalasa njinga, kukwera kabaza m'misewu yathu yamabampu ija, kusenza dengu la tiyi tsiku lonse ku esiteti kapena kulima, dikirani adokotala akuloleni, ndipo pemphani kalata yokapereka kwa akapitawo. Mu minibasi yopita ku Limbe khalirani kapilo kofewa. Za m'banja nazo dikirani ululu uthe, ndipo akunyumba awuzeni chilungamo, fistula payokha sipatsirana.

Tsopano nkhani imene anthu amaibisa. Ena pambuyo pa opaleshoni zingapo amapezeka mpweya ukungowapulumuka, kapena kabudula akudetsedwa pang'ono osadziwa, ndiye amasiya kupita kutchalitchi, kumzikiti, ngakhale kumaliro, kumangodzitsekera m'nyumba. Nenani kuchipatala. Nthawi zambiri zimachepa bala likamapola, ndipo pali mafizo ake: kufinya mnofu uja ngati mukugwira mpweya, kuwerenga mpaka 5, kumasula, kubwereza ka 10, katatu patsiku, bala likayamba kupola. Ambiri kanjira kakatsekeka amati tulo tabwerera, fungo latha, akukhalanso pagulu momasuka.

Thamangirani kuchipatala mukamva kutentha thupi, kutupa kwatsopano kopweteka, magazi ambiri osasiya, kulephera kukodza, kapena ulusi uja ukagwa. Chipatala cha boma cha Mulanje, cha Thyolo, Mulanje Mission ndi Malamulo angakuwoneni, ndipo zikavuta amatumiza ku Queens ku Blantyre. Tsiku lokaonedwanso musaliphonye olo mukumva bwino, khungu limatha kutseka pamwamba mkati musanapole, ndipo buku lanu la kuchipatala muzinyamula kuti adokotala awone opaleshoni zimene munachitidwa kale.