Chiyambi cha mkangano wa oimba ndi andale pa nyimbo za pa kampeni ku America

Chisankho cha pulezidenti chikamayandikira ku United States, nyuzipepala ndi wailesi za kanema sizilephera kutulutsa nkhani ya woimba amene wakwiya chifukwa nyimbo yake yalizidwa pamsonkhano wa wandale yemwe iye sakumufuna. Mkanganowu unayamba pamene opikisana analeka kupeketsa nyimbo zawozawo n'kuyamba kubwereka zamgonagona, ndipo chinawakankhira kumeneko ndi wailesi pamodzi ndi kanema.

Kale nyimbo ya kampeni inkapekedwa dala, n'kutamanda munthu amene akuimira chipani. Mu 1840 otsatira a William Henry Harrison ankaimba "Tippecanoe and Tyler Too" m'misewu, ndipo mawu ake ankafalitsidwa pa mapepala, poti kunalibe njira ina yoti amvekere kutali. Wailesi itabwera zinthu zinasintha. Pa 2 Novembala 1920 wailesi ya KDKA ya ku Pittsburgh inaulutsa zotsatira za chisankho chimene Warren Harding anapambana, ndipo pofika 1932 anthu ankamvera misonkhano ikuluikulu ya zipani ali m'nyumba zawo. Chaka chimenecho, pamsonkhano wa chipani cha Democratic ku Chicago, dzina la Franklin Roosevelt linaperekezedwa ndi nyimbo ya "Happy Days Are Here Again", yomwe inapekedwa mu 1929 popanda cholinga chilichonse cha ndale. Mabanki anali akugwa, ntchito zitasowa, ndipo nyimbo yonena kuti masiku abwino abweranso inagwira mitima ya anthu amene ankakumbukira moyo wa mavuto asanadze. Chipanicho chinaisandutsa yakeyake kwa zaka zambiri.

Kanema anawonjezera mphamvu ya zimene munthu akuona ndi kumva pa kanthawi kochepa. Mtsutso woyamba wa pa kanema pakati pa John Kennedy ndi Richard Nixon unachitika pa 26 Sepitembala 1960, ndipo chaka chomwecho Frank Sinatra anaimbanso nyimbo yake ya "High Hopes" ndi mawu osinthidwa kuti itamande Kennedy. Apa panalibe chodandaulitsa, chifukwa woimbayo anachita kufuna yekha.

Kusamvana koonekera kunadza mu 1984. Kampeni ya Pulezidenti Ronald Reagan inatsamira kwambiri pa kukumbutsa anthu America wakale, moti uthenga wake wotchuka wa pa kanema unkaonetsa mnyamata akugawa nyuzipepala panjinga m'mamawa, ukwati m'tchalitchi, ndi anthu akukweza mbendera. Pa 19 Sepitembala, akulankhula ku Hammonton m'chigawo cha New Jersey, Reagan anatchula Bruce Springsteen ngati woimba amene nyimbo zake zili ndi uthenga wa chiyembekezo. Koma nyimbo imene inali m'kamwam'kamwa nthawi imeneyo, "Born in the U.S.A.", imanena za msilikali wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam amene wafika kwawo n'kupeza kuti palibe womulemba ntchito. Ambiri ankangomva kolasi yokha, osalabadira mavesi. Patapita masiku ochepa Springsteen, akuimba ku Pittsburgh, anafunsa monyodola kuti kaya chimbale chake chimene pulezidenti amachikonda n'chiti, kenaka anaimba nyimbo ya munthu wochotsedwa ntchito pa fakitale ya magalimoto.

Amene anaonetsa bwino kufunika kwa nyimbo yakale ndi Bill Clinton mu 1992. Iye anasankha "Don't Stop" ya gulu la Fleetwood Mac, yomwe inatuluka mu 1977. Mawu ake amalimbikitsa munthu kuganizira za mawa, komabe mphamvu yake inali ya dzulo, pakuti ovota amene ankaivina ali achinyamata tsopano anali makolo a ana, ndipo kungoimva kunkawabwezera ku zaka zawo zokoma. Gululo silinatsutse, ndipo mamembala ake amene anali atapatukana anakumananso kudzaiimba pa chikondwerero cha kulumbiritsidwa kwa Clinton mu Januwale 1993.

Ena sanalolere. Bobby McFerrin anakaniza George H. W. Bush nyimbo yake mu 1988, ndipo Tom Petty anachita chimodzimodzi kwa George W. Bush mu 2000. Chimene chimawawa oimba n'chakuti makamera amayamba kujambula wandale asanafike pa nsanja, nyimbo ikulira, khamu likuimba nawo, ndipo woonera kunyumba amangoganiza kuti woimbayo ali mbali imeneyo. Atolankhani nawonso nkhaniyi amaikonda, mwina mopitirira muyeso, chifukwa ndi yosavuta kulemba kusiyana ndi kufotokoza mfundo za misonkho kapena za zipatala.

Pa malamulo pali kusiyana kumene ambiri sakudziwa. Kuliza nyimbo pamsonkhano kumafuna chiphaso chochokera ku mabungwe otolera ndalama za opeka nyimbo monga ASCAP ndi BMI, ndipo chiphaso chimodzi chimakhudza nyimbo mamiliyoni. Mabungwewa ali ndi chiphaso chapadera cha makampeni chimene chimalola mwini nyimbo kuichotsa pa mndandanda akafuna. Kuika nyimbo mu uthenga wa pa kanema kapena wa pa intaneti kumafuna chilolezo china kuchokera kwa eni ake enieni, ndipo apa ndi pamene andale amagwidwa kawirikawiri. Woimba Jackson Browne anasumira John McCain ndi chipani cha Republican mu 2008, ndipo mlandu unatha mu 2009 osumiridwawo atapepesa. Eddy Grant anapambana mlandu wotsutsana ndi Donald Trump mu Sepitembala 2024 pa kakanema ka mu 2020 kamene munali nyimbo yake ya "Electric Avenue".

Pali nyimbo imodzi imene yazunguza mbali zonse ziwiri, ya Democratic ndi ya Republican. "Hold On, I'm Comin'" inatuluka mu 1966, yopekedwa ndi Isaac Hayes ndi David Porter. Mu 2008 Sam Moore, mmodzi mwa awiri amene anaiimba, anapempha kampeni ya Barack Obama kuti ileke kuiliza, ndipo inaleka. Patatha zaka 16 banja la malemu Hayes linapita kubwalo la milandu ku Atlanta, ndipo woweruza anapereka chiletso choti kampeni ya Trump isailizenso pamisonkhano yake.